Kanema wa chinkhoswe akakana kutsegula musathamangire kunena kuti ndi vairasi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yathuyi ndiyankhule ndi anzanga ojambula makanema, anyamata obana nyimbo m'misika umu, komanso makasitomala athu amene amatipeza ndi fulashi m'manja nkhope ili yakugwa ngati kumudzi kwachitika zovuta. Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe, ma sendofu, makwaya a mpingo ndi zina zotero, ndilinso ndi kashopu kobanirako nyimbo, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba nthawi ya ma VCD ija anthu akuonera filimu imodzi pa madisiki awiri, nde zomwe ndilembe apazi sizamphekesera ayi, ndi zomwe zimandipeza pa benchi panga tsiku ndi tsiku.

Chandilembetsa kalatayi ndi mayi ena achikulire omwe anafika mwezi wathawu fulashi ataimanga pa nsonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo. Mwana wawo wamkazi anachita chinkhoswe, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama sanaitane wojambula, anajambula ndi mwana wa achimwene awo wobwera kuchokera ku Joni pa iPhone yake yonyezimira ija, iye nkuwaikira zonse mu fulashi nkukwera basi kubwerera. Tsiku loonera mayi aja anaitana aneba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apongozi awo atsopanowo, tiyi nkuphikidwa, mbatata nkuikidwa patebulo, mwana nkulowetsa fulashi kumbuyo kwa pulazima. Mawu akumveka bwinobwino, nthungululu zikumveka, MC akuitana a kuchimuna kuti abwere ndi ma K1,000 awo, koma chithunzi bii, mdima okhaokha. Wina akuti TV yapsa, wina akuti fulashi yalowa vairasi, gogo wina mpaka anati pali munthu amene sanakondwe nacho chinkhoswechi kkkk. Mayiwo pofika kwa ine anali atagula kale fulashi ina yatsopano poganiza kuti yoyambayo ndi yabodza, ndalama kuwonongeka chabe.

Ine nditalowetsa fulashiyo mu kompyuta nkutsegula ndi VLC, pulogalamu ya chizindikiro cha kachipewa ka pamsewu kaja, kanema anasewera myaa, mkwatibwi akuoneka mpaka ndolo. Panalibe vairasi, panalibe ufiti, TV yawonso ndi yamoyo. Vuto linali mtundu wa failo basi.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa olo anzanga ena oti akhala akubana zaka khumi samazitsata. Zilembo zija zimakhala kumapeto kwa dzina la failo, kaya .mp4, kaya .mov, .avi, .mkv, .3gp, zimangokuuzani za thumba. Thumba lolembedwa feteleza tonse timadziwa kuti m'kati mutha kupezeka chimanga, makala, mtedza kaya zovala za kaunjika, kulemba kwa panja sikukuuzani zonse. M'thumba la kanema mumakhala zinthu ziwiri, chithunzi ndi mawu, ndipo chilichonse chimakhala chopanikizidwa mwa njira yakeyake kuti chichepe, njira imeneyo ndi imene amati codec. TV kapena foni imayenera idziwe kumasula thumbalo, komanso idziwe njira yomwe anapanikizira za m'katimo. Nde pulazima ya mayi aja thumba inamasula, mawu inawazindikira chifukwa anali a AAC omwe pafupifupi chida chilichonse chimawamva, koma chithunzi chinali cha H.265, ena amati HEVC, ndipo TV yawo inangoima kukamwa yasaa ngati munthu wa ku Nsanje amulonjera m'Chinkhonde.

H.265 yo si yoipa ayi, ndi yatsopano chabe, inatuluka mu 2013 ndipo a Apple anayamba kujambulira ma iPhone mu njira imeneyi mu 2017, ubwino wake ndi woti kanema amachepa kwambiri koma kukongola kuli komweko. Koma ma TV otsika mtengo omwe ali m'nyumba zambiri kuno, mafoni akale akale, ambiri mwa iwo amadziwa mkulu wake H.264 yemwe alipo kuyambira 2003. Ameneyo ndi Chichewa cha makanema, kulikonse ukalowa naye umamvana ndi anthu. Amene muli ndi iPhone mukafuna kujambula zoti akaonere anthu kumudzi, lowani mu Settings, pitani pa Camera, kenako Formats, musankhe Most Compatible m'malo mwa High Efficiency, basi foni iyamba kujambula mu H.264. Mafoni ena a Android alinso ndi kabatani ka HEVC mu ma settings a kamera, kazimitseni. Ntchito ya masekondi khumi imeneyo ikanapulumutsa tiyi wa mayi aja.

Ife akale pa ntchitoyi tadutsa m'matumba ambiri. Pa VCD failo inkakhala .DAT, chithunzi chake cha timadontho 352 m'litali kwa 288 m'lifupi, lero mutachiona pa TV yaikulu mungaseke koma nthawi imeneyo kwaya ikatulutsa VCD inkayenda monyada mpingo onse. Kenako kunabwera DVD, 720 kwa 576, disiki ya 4.7GB, mafailo ake a .VOB odukaduka pa 1GB iliyonse, nchifukwa chake mukakopera DVD ya ukwati mu fulashi mumapeza tizidutswa tinayi kapena tisanu ndipo pena TV imayambira pa kachitatu, mkwati akudula keke asanalowe mu tchalitchi. Ndiye kunali 3GP ya mafoni a mabatani, tinkatumizirana pa Bluetooth mafoni atagundanitsidwa mitu, kachithunzi ka 176 kwa 144 munthu osazindikirika nkhope koma tinkaseka nato momwemo. AVI ndi ya Microsoft ya mu 1992, inakhalitsa chifukwa ma DVD player olembedwa DivX aja ankaikonda, mpaka lero mavidiyo sho ena amandipempha imeneyo. FLV inali ya Flash, YouTube inayambira pamenepo mu 2005, koma Flash yo eni ake a Adobe anaiika m'manda pa 31 December 2020. MKV ndi thumba lalikulu la mafilimu odawuniloda, limanyamula mawu a zinenero zingapo ndi mawu olembedwa pansi aja nthawi imodzi, dzina lake lonse ndi Matroska kutengera tizidole ta ku Russia tolowetsana m'mimba, koma ili ndi khalidwe loti pa TV zina chithunzi chimaoneka mawu osamveka chifukwa mawuwo ndi a AC3 kapena DTS. Zonsezi zabwera zina zapita, chomwe ndaona chikutsegula pafupifupi paliponse ndi MP4 yokhala ndi H.264 ndi AAC m'kati. Olo a YouTube eni ake amalangiza zomwezo kwa oika makanema.

Pali kachinyengo kena komwe anyamata obana amakonda, ndipo apa ndikunena inu amwene musayang'ane kumbali. Kasitomala akabwera ndi failo ya .mov yokana kutsegula, mumangodina rename nkufufuta mov nkulemba mp4, nkumulipiritsa kuti mwakonveta. Kumeneko ndi kulemba shuga pa chitini cha mchere. Chomwe chimakupusitsani nchoti nthawi zina zimathekadi, chifukwa MP4 ndi MOV ndi pachibale, MP4 anaipanga potengera QuickTime ya Apple, nde ngati m'katimo munali kale H.264 TV imalandira. Koma ngati m'kati muli H.265 mwangosintha chikwangwani, kasitomala akafika kunyumba apeza mdima omwe uja, mawa abwera akutukwana ndipo dzina loipa ligwera tonse.

Kukonveta kwenikweni kumatenga nthawi chifukwa kompyuta imamasula chithunzi chilichonse nkuchipanikizanso mwatsopano. Ine ndimagwiritsa ntchito HandBrake, ndi yaulere, siika dzina lake pakona pa kanema ngati timapulogalamu tina ta mu foni tija timakudinda chidindo pa chipumi cha mkwatibwi. Umasankha failo, umasankha Fast 720p30 kapena Fast 576p25 ngati ukufuna yopepuka, umaonetsetsa kuti palembedwa MP4 ndi H.264, nkuchonga pa Web Optimized ngati kanemayo akupita pa intaneti kuti aziyamba kusewera asanamalize kutsika yense. Ukatero dina Start nkupita kukadya nsima, pa kalaputopu kakale ngati kanga kanema wa maola awiri amatha kudya masana onse, ndipo pempherani magetsi asathime pa 95 peresenti chifukwa failo yothera panjira sitsegula, umayambiranso pa ziro. Zinandichitikirapo kawiri tsiku limodzi, ndinangotseka shopu nkupita kukaonera bawo.

Za mafoni a mabatani tisaiwale, chifukwa kumudzi ndi omwe ali ambiri ndipo agogo amafunanso kuona mdzukulu wawo akuvina. Timafoni timeneti 720p, kutanthauza chithunzi cha mizere 720 ya timadontho, sitiitha, timafuna 3GP kapena MP4 yaing'ono zedi, 320 kwa 240 kapena kucheperapo. Ine kasitomala akabwera ndimayamba ndafunsa, mukaonera pa chani? Ena amadabwa ngati ndikuwafunsa za m'nyumba mwawo koma safunsa anadya phula.

Tsopano nkhani ya kukula kwa failo, yomwe kwa ife kuno ndi nkhani ya ndalama yeniyeni chifukwa bandulo sitola pansi. Anthu amaganiza kuti kanema amalemera chifukwa cha kutalika kokha, ayi, chachikulu ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data yomwe ikudutsa pa sekondi iliyonse, ngati kukula kwa paipi ya madzi. Masamu ake ndi a sitandade 5, mumatenga ma megabit nkugawa ndi 8 kuti mupeze ma megabyte. A YouTube amalangiza 8 Mbps, kutanthauza ma megabit 8 pa sekondi, pa kanema wa 1080p, ndiye kuti 1MB pa sekondi, 60MB pa mphindi, 3.6GB pa ola. Ukwati wathu wa kuno suchepera maola atatu ukaphatikiza ku tchalitchi, kojambulitsa zithunzi ndi perekaniperekani, nde mukunena pafupifupi 11GB. Ndani atsitse zimenezo pa foni? Kanema yemweyo mukamutsitsa kufika 720p pa 2 Mbps akubwera 15MB pa mphindi, 900MB pa ola, ndipo pa sikirini ya foni palibe angasiyanitse. Mukafika 480p pa 1 Mbps ndi 450MB pa ola, akuonekabe bwino ndithu bola munajambula powala.

Nde pali matenda a 4K, chithunzi chachikulu choposa 1080p. Mnyamata akagula foni yatsopano amaika pa 4K nkumayenda akuuza aliyense. iPhone imadzilembera yokha mu ma settings kuti mphindi imodzi ya 4K pa mafelemu 60, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi, imadya pafupifupi 400MB pomwe 1080p pa mafelemu 30 imadya 60MB foni ikakhala pa High Efficiency. Werengani nokha, ola limodzi 24GB, foni imadzadza abusa asanafike pa malumbiro, imatenthanso ngati mbaula. Ndipo onse omwe adzaonere kanemayo adzaonera pa Tecno kapena itel ya sikirini yaing'ono kudzera pa WhatsApp pomwe 4K yo idzaphwanyidwa kale. Kuli ngati kugula thilakita yolimira kadimba ka kuseri kwa bafa. Bola kujambula 1080p, foni itagwidwa ndi manja awiri osanjenjemera, dzuwa lili kumbuyo kwanu osati kumbuyo kwa mkwati, ndipo musaime pafupi ndi sipika ya DJ chifukwa mawu akang'ambika palibe pulogalamu yomwe ingawasoke. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu ophwephwera amatseka pompo.

WhatsApp nayo tiimvetse. Mukatumiza kanema mwa nthawi zonse kudzera pa Gallery, WhatsApp imamupanikiza yokha kuti apepuke, nchifukwa chake kwa inu akuoneka bwino koma kwa olandira nkhope zili ngati zopaka phala. Kuyambira 2023 anaikako kabatani ka HD kothandizako pang'ono. Koma mukafuna kuti failo ifike momwe ilili osakhudzidwa, tumizani ngati Document, kuyambira 2022 amalola mpaka 2GB pomwe kale inkathera pa 100MB. Kungoti muyambe mwamuuza mnzanuyo, osangomuponyera 1.5GB pa gulupu ya banja anthu ali ndi auto download, mudzatukwanidwa ndi azakhali omwe anagula kabandulo ka sabata dzulo lomweli.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi ulendo omwe kanema amayenda. Kwaya yajambulitsa nyimbo yabwinobwino, ndalama zambiri, wina waiponya pa Facebook, Facebook yapanikiza, wina waidawuniloda nkuiika pa status, yapanikizidwanso nkudulidwa, wina wajambula sikirini ya foni yake nkuitumiza pa gulupu, wina nkuitenga pamenepo kubwera nayo kwa ine kuti ndiike pa DVD. Amenewo ndi masamba a tiyi owiritsa kachisanu, madzi ofiirira chabe. Kupanikiza kulikonse kumataya kanthu ndipo chotayikacho sichibwerera, olo mukonvete kupita ku 1080p failo ingokula koma chithunzi chikhala chomwecho cha phala. Nthawi zonse yambirani pa failo yoyamba yochokera mu kamera.

China chaching'ono koma chimazunguza anthu, mumafuna kukopera failo ya 6GB mu fulashi ya 16GB yopanda kanthu, kompyuta nkukana kuti failo yakula. Anthu amabweza fulashi kwa ogulitsa nkuyambana naye. Chikhalirecho mafulashi ndi ma memori khadi ambiri a 32GB kutsika pansi amabwera ali mu FAT32, njira yomwe fulashi imasanjira mafailo m'kati mwake, ndipo FAT32 silandira failo imodzi yopitirira 4GB zivute zitani. Mutha kufomata kupita ku exFAT kapena NTFS, mutachotsamo kaye zanu zonse chifukwa kufomata kumasesa, koma dziwani kuti ma TV ena akale exFAT yo saiwerenga, nde mwathawa mvula mwalowa mu mtsinje. Ine ndimangodula ukwati pawiri, gawo la ku tchalitchi ndi gawo la ku holo, lililonse pansi pa 4GB, fulashi nkukhala momwe ilili.

Tibwere pa kuika kanema pa intaneti, poti masiku ano banja lililonse lili ndi wina ku Johannesburg, Cape Town, ku UK kaya ku Ireland amene anatumiza ndalama ya ukwati ndipo akufuna aone momwe inadyedwera. Apa lamulo limatembenuka. Pa WhatsApp mumatumiza yaing'ono, koma pa YouTube ikani yabwino yomwe bandulo yanu ingakwanitse, chifukwa YouTube imatenga failo yanu nkupanga yokha makope angapo kuyambira 144p kukwera m'mwamba, nde wa ku London wa WiFi aonera yowala, wa ku Ntchisi wa netiweki ya mzere umodzi asankha 240p naye aonera. Mukaikapo yophwanyika kale ndiye kuti onse aonera yophwanyika. Akaunti yatsopano imakulolani mphindi 15 zokha mpaka mutatsimikiza ndi nambala ya foni, anzanga ambiri amakwiya kuti kanema wakanidwa atatha kale bandulo, chitani zimenezo musanayambe. Komanso si zonse zoti dziko lonse lione, pali Public, pali Private, pali Unlisted yomwe amaona okhawo omwe mwawapatsa link, ya ukwati ndi ya maliro ine ndimaika pamenepo pokhapokha eni ake anene okha. Link yo ndi yomwe muziponya pa magulupu, osati failo yonse kutumiza kakhumi kwa anthu khumi. Vuto lake ndi limodzi, ambiri kuno amagula kabandulo ka WhatsApp kapena ka Facebook kokha komwe YouTube sikatsegula, nde ndimadulanso kachidutswa ka mphindi ziwiri kapena zitatu, polowa mkwatibwi ndi povina apongozi, ka 20MB kapena 30MB, kameneko nkumayenda pa WhatsApp. Kukweza failo yaikulu ndimachita usiku anthu atagona netiweki ikapepuka, foni ili pa chaja, ine ndili maso ngati mlonda.

A mipingo ndi a maliro omwe mumaulutsa pa Facebook Live mundimvere apa. Kuyambira mu February 2025 a Facebook anasintha, makanema a Live amasungidwa masiku 30 okha kenako amafufutidwa. Ambiri mukuganiza kuti mwambo wa maliro a bambo anu ukhala pamenepo mpaka kale, pitani mukadawunilode lero lomwe musunge panokha.

Nkhani ina ndi ya nyimbo. Mwakweza ukwati onse usiku wathunthu, m'mawa mupeza uthenga woti mbali ina mawu atsekedwa kapena kanema sakuoneka m'maiko ena, anthu akuvina mwakachetechete ngati nsomba. Makina a YouTube ndi Facebook amamvetsera nyimbo zomwe DJ ankaika ku holo nkuzizindikira kuti zili ndi eni ake, ndipo kusintha MP4 kupita ku MKV sikungawapusitse. Pena amangosiya kanemayo koma ndalama ya malonda imapita kwa mwini nyimbo, zomwe ine sindiona vuto, oimba nawonso amadya. Ife obana timadziwa kale za COSOMA yomwe yakhala ikuyang'anira za umwini wa nyimbo kuno kuyambira 1992, nde tisamadabwe kuti pa intanetinso nyimbo ili ndi mwini. Pa tizidutswa tokongoletsa tija ndimaikamo nyimbo ya kwaya ya mpingo wa eni ukwatiwo nditawapempha, amakondwa kuti amveka.

Anzanga ojambula, mwaonapo mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi kapena kuwala kukuphethira mukamajambula mu holo usiku? Si kamera yafa. Magetsi athu kuno ndi a 50Hz, kutanthauza amasinthasintha ka 50 pa sekondi, mababu ena amaphethira motsatira pamenepo maso athu osaona, pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafelemu 30 kapena 60 potengera maiko a 60Hz ngati America. Ikani pa 25 kapena 50, kapena PAL ngati kamera yanu ili ndi posankha pamenepo, mizere ija imatha. Ndipo chonde gonekani foni. Kanema oimika ndi wa status ndi TikTok, koma ukwati ukaonetsedwa pa TV umakhala kamzere pakati uku ndi uku kuli bii, mkwati akuoneka mkwatibwi watsala kunja. Choipitsitsa ndi uja amayamba ataimika pakati nkugoneka, anthu pa sitingirumu kumapendeketsa makosi onse ngati nkhuku zoona kabawi.

Ndisadzionetse ngati wanzeru ndekha, nanenso ndinalakwapo kwambiri. Zaka zingapo zapitazo hard drive yanga inadzadza nthawi ya maukwati ambiri ija ya pambuyo pokolola, ndinafufuta mafailo oyamba a ukwati wina poganiza kuti eni ake ndawapatsa kale DVD ndi kakope ka pa foni, zatha. Patapita chaka ndi miyezi mkazi uja anabwera yekha atavala zakuda, mwamuna wake anatisiya pa ngozi, DVD ana anaikanda siikuwerenga, foni inabedwa, akufuna kanema kuti ana adzamuone bambo awo akuyankhula. Chomwe tinapeza ndi kachidutswa ka mphindi imodzi ndi theka komwe mlamu wake anasunga pa WhatsApp, nkhope yosaoneka bwino. Mayiyo sanandikalipire, anangoti zikomo nkunyamuka, bola akananditukwana. Kuyambira tsiku limenelo kasitomala aliyense ndimamupatsa mafailo awiri, yaikulu yosunga yomwe ndimamuuza kuti aikopere malo awiri osiyana, ndi yaing'ono ya MP4 yoyendetsa pa mafoni, ndipo asanachoke timayesa kaye pa foni yake yomweyo ndi pa ka TV kakale komwe ndinaika mu shopu dala chifukwa cha ntchito imeneyi. Ikatsegula pa kameneko ndiye kuti itsegula pa ma TV ambiri. Amene muli ndi ma DVD ndi ma VCD a maukwati a makolo anu m'masutikesi, atulutseni akakopedwe akadali kuwerenga, malaputopu ambiri atsopano sakubweranso ndi polowetsa disiki.

Pang'ono pokha za ulemu, poti kutumiza kwaphweka chonchi. Ngozi ikachitika pamsewu anthu akutulutsa mafoni m'malo monyamula ovulala, abale kumva za imfa kudzera pa status. Kuonetsa nkhope ya malemu m'bokosi, kujambula ana a eni osapempha, zimenezi palibe format yomwe ingazikonze. Lamulo la za pa intaneti la 2016 lija lilipo, koma olo pakanapanda lamulo tinaleredwa ndi anthu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutipatseko kakona m'nyuzi muno, olo kamodzi pa mwezi, kofotokoza zinthu ngati zimenezi m'Chichewa, chifukwa mauthenga omwe TV ndi foni zimalemba zikakana failo ali m'Chingerezi chokhachokha ndipo anthu amangoona ngati awalodza. Mayi a chinkhoswe aja ndinawakonvetera, zinatenga maola atatu, mafailo anatsika kuchoka pa 14GB kufika pansi pa 2GB, tinayesa pa ka TV kanga chithunzi nkubwera, anaimba nthungululu mu shopu mpaka wometa tsitsi wa pafupi anathamangira kudzaona. Ati aitananso apongozi Lamulungu likubwerali akaweruka ku tchalitchi, ndipo fulashi yachiwiri ija anagula mwangozi ndawaikiramo kope ina kuti ikakhale kwa ankhoswe.

Ndine wanu wowerenga nyuzi iyi sabata ndi sabata,
Wojambula maukwati, Lunzu, Blantyre